Ndinaseka pa Maliro a Bambo a Hilda

Kande,
P.O. Chintheche,
Nyasaland.
18 Ogasiti, 1956.

Okondedwa achimwene a Mathews,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga nditakhala pamphasa, pakuti kuno mkazi woferedwa sakwera pampando mpaka atametedwa. Zikomo chifukwa cha mawu anu otonthoza. Zikomonso kuti simunazungulire pofunsa. Mukufuna kudziwa ngati n'zoona zimene anakuuzani mphunzitsi uja anachokera kuno, zoti mlongo wanu anaseka pa maliro a mwamuna wake. N'zoona, achimwene. Ndinaseka. Sikunali kumwetulira kobisa m'nsalu ayi, kunali kuseka kwenikweni kotulutsa mawu, moti ngakhale amene ankawaza nkhuni kuseri kwa nyumba anamva. Kalata iyi ndaiyamba kangapo n'kuing'amba, chifukwa mawu amenewa ndikawaona papepala nkhope imanditentha ngati ndaweramira pamoto.

Musanandiweruze, kumbukirani pamene ndaima. Kuno si kwathu kumene mwana ndi wa kuchikazi. Bambo a Hilda anapereka malowolo, munalandira ndinu, ndipo Hilda wanga ndi wa kwa Longwe. Tsiku lometa, kumapeto kwa mwezi uno, abale a malemu adzakhala pansi kuti anene ngati ndikhalebe pa nyumba ino kapena ndibwerere ku Zomba. Akati ndibwerere, ndidzabwerera ndekha. Mwalemba kuti mubwera ndi sutikesi yopanda kanthu kuti ndidzalongezemo zanga. Ndathokoza, koma m'sutikesi mwana salowa. Choncho lolani ndikufotokozereni zonse kuyambira pachiyambi, mwina inu mudzapeza mawu oti mudzandinenere, popeza ine anandithera.

Mukukumbukira kuti a Edwin, bambo a Hildawo, anagwira ntchito zaka zambiri kochapira zovala pa hotela ina ku Bulawayo. Chaka chatha anabwera ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala anatiuza kuti ndi chifuwa chachikulu, ndipo anandilangiza kuti nsalu iliyonse imene akhosomolera ndiziiwiritsa ndi soda ndisanaichape. Ndinasiya kuphunzitsa kuti ndiziwasamala. M'mawa uliwonse ndinkasenza mtolo kupita kunyanja, ndipo ndikangofika, amayi anzanga ankanyamula mitolo yawo n'kusunthira ku miyala ya patsogolo. Sindiwada nazo, ali ndi ana. Koma sodayo inadya manja anga mpaka anang'aluka m'mizere monse, moti singano sindinkatha kuigwira. Ndinkawabisa m'nsalu pamaso pa a Edwin, n'kumadziyesa wochenjera.

Tsiku lina ndikuchokera kunyanja ndinawapeza pakhonde atatsegula katalogi imene anabwera nayo ku Bulawayo, kabuku kaja ka zithunzi za katundu wa m'sitolo.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti ndimo ankanditchulira akafuna kundiputa, "bwerani muone ophunzira awiri awa, mundiuze wokhoza ndi uti."

Anali makina ochapira zovala. Poti kuno kulibe magetsi, onse awiri anali opukusa ndi dzanja. Oyamba anali ngati mtsuko waukulu wachitsulo woimirira, wa chivundikiro pamwamba. Umathiramo madzi ndi zovala, n'kumapukusa chogwirira chimene chili pachivundikirocho, ndipo m'kati muli chopalasa chovundula zovalazo. Achiwiri anali mgolo wogona chammbali pa miyendo yaifupi, wa kachitseko kozungulira kutsogolo, chogwirira chake chili pambali. Ukapukusa, zovala zimagubuduzika zokha m'katimo.

"Ine ndasankha a kachitseko," anatero ndisanamalize n'kuona komwe. "Ku hotela kwathu onse anali otere. Sadya sopo, samwa madzi ambiri, ndipo zovala sazikokakoka ngati ali nazo mlandu."

"Nanga mwandiitanira chiyani ngati mwasankha kale?"

"Kuti muvomere mwaulemu."

Sindinavomere. Mukundidziwa, achimwene, ndinu amene munkanditcha loya tili ana. Ndinati a chivundikiro ndiwo abwino, chifukwa ndowa ukaitula pamutu umangothira madzi m'menemo, pamene enawo umathirira pa kabowo kakang'ono ngati ukumwetsa mwana wodwala. Ndinati ukaiwala mpango umangovundukula n'kuuponyamo, koma kachitseko ukakatsegula madzi ali m'kati, onse amathera pa mapazi ako.

"Woiwala mpangoyo ndi ndani?" anafunsa. "Ine ndinakwatira mkazi amene saiwala ngakhale zimene ndinalakwa nkhondo isanathe."

Ndinapita kukafufuza m'magazini akale amene akazi a amishoni ankandipatsa, ndipo ndinabwerako ndi mfundo ina. Kachitseko kamatseka ndi labala yozungulira m'mphepete, ndipo labala ikakhala kotentha imauma n'kusweka. Ndinafunsa kuti ikadzayamba kudontha tidzaipeza kuti ina, kodi pa msika wa usipa? Iwo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo chitawasiya anati: "Mfundo imeneyo ndaimva. Ndiyankha mawa."

Mkanganowu unatenga miyezi, ndipo ndikuuzeni zoona, unali wokoma. M'nyumba imene munkamveka chifuwa chokha munayamba kumveka phokoso lina. Ndikabwera ndi phala ankati: "Loya wa chivundikiro wafika, khoti liyambe." Ndikawasintha nsalu zogonera ankanong'ona kuti: "Kachitseko." Anthu apafupi analowereramo. A Patson, mng'ono wawo, tsiku lina anali mbali yanga, tsiku lina mbali ya mkulu wawo, kutengera amene wawapatsa tiyi. Yekhayo amene sanasekeko anali a Eliza, mlongo wawo wamkulu, amene mawu ake amuna a kwa Longwe amawamvera ngakhale amanamizira kuti sakumva. Chikwatiwire kuno, a Eliza anali asananditchulepo dzina. Kwa iwo ndinali "wa ku Zomba" basi. Anayang'ana zithunzizo kamodzi kokha n'kunena m'Chitonga, ine ndikungokutembenuzirani: "Nyanja yonseyi Mulungu anakuikirani pakhomo, inu mukulimbirana mgolo?"

Mkangano unatha mwezi wa Epulo, ndipo ndinautha ndine. Tsikulo ndinali nditatopa, msana ukundipweteka, ndipo masewerawo sanandikomere. Ndinaima pamaso pawo n'kunena kuti: "Bambo a Hilda, tiyeni tinene zoona. Kachitseko kanuko kali pansi, pafupi ndi mawondo. Inu mukusankha, koma wogwada tsiku ndi tsiku ndidzakhala ine."

Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anayang'ana manja anga amene ndinaiwala kubisa, n'kutseka katalogi ija.

"Zoona," anatero. "Mwapambana, aphunzitsi."

Ndinakondwa ngati mwana wa sukulu amene wakhoza masamu. Analemba okha kusitolo ya ku Bulawayo, a Patson n'kupita kukaponya kalatayo ku Chintheche, ndipo ine ndinauza aliyense kuti kukubwera makina a chivundikiro.

Nthawi imeneyo n'kuti atasiya kuimirira nthawi yaitali. Kuchoka pabedi kufika pakhonde ankapuma panjira. Komabe anapempha a Patson kuti awapezere chipika cha mbawa, ndipo anayamba kusema kampando ndi kasemasema, pang'onopang'ono, akasema apume, akasema apume. Kanali kampando kakafupi koopsa, kokhala ndi kotsamira kumbuyo. Ndinkawaona atakhalapo akuyeza ndi chingwe kuchokera pansi kufika pachifuwa chawo, kenaka n'kudulanso miyendo yake.

"Mpando umenewu ndi wa ndani, wa bakha?" ndinawafunsa.

"Wa alendo aafupi."

"Tilibe alendo aafupi."

"Akamva kuti mpando ulipo, abwera."

Anatisiya mwezi watha, m'mawa dzuwa litakwera, ndili pambali pawo. Za ola limenelo sindingathe kulemba, mudzandikhululukire. Chimene ndinganene n'choti misozi sinabwere. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi thupi lawo, nsalu kumutu monga ayenera mkazi woferedwa, amayi ondizungulira akulira mpaka mawu kusasa, ine maso ouma gwa. M'mabuku ndinawerengamo za anthu amene chisoni chimawaumitsa chotere, koma mabuku sanandiuze kuti anthu amakhala akukuyang'ana. A Eliza anandiyang'ana nthawi yaitali.

A Patson anali atapita ku Chintheche kukakhomesa bokosi kwa mmisiri, ndipo anasiya mawu akuti akapempha lole iliyonse yolowera kuno kuti iwanyamule. Ndiye tsiku loika, anthu atadzaza pabwalo, manda atakumbidwa, tonse tikudikira bokosilo, kunamveka lole itaima kumsewu. Amuna anathamangirako. Dalaivala anali mlendo wochokera kudoko la Nkhata Bay, ndipo anangofunsa kuti: "Kwa a Edwin Longwe ndi kuno?" Atamuyankha kuti inde, anavundukula lona. Pansi pake panali bokosi la matabwa atsopano, lalitali ngati munthu, ndipo pamwamba pake panalembedwa ndi penti yakuda dzina la a Edwin ndi la mudzi uno. Ndani akanafunsanso? Ena anayamikira mmisiriyo kuti ndi waulemu, walemberatu ndi dzina lomwe. Dalaivalayo ataona amuna akuvula zipewa, nayenso anavula chake, ndipo anachoka osanena kanthu.

Analisenza pamapewa. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo kuno, a mayunifomu awo oyera, anakalichingamira panjira n'kuyambitsa nyimbo, ndipo maliro amene anali atazizira anabukanso pabwalo ponse. Onyamulawo anafika thukuta lili kamukamu. Ndinamva wina akudandaula chapansipansi pakhomo kuti: "Mmisiri ameneyu wagwiritsa mtengo wanji? Bokosi lopanda munthu kulemera chonchi?" Mnzake anati: "Komanso walinenepetsa. Sanamuuze kuti Edwin anawonda?"

Analitula m'chipinda momwe tinakhala, pafupi ndi mapazi anga. A Bester, mkulu wa mpingo, anapemphera, kenaka anaitanitsa chitsulo chozulira misomali. Thabwa loyamba litachoka munatuluka udzu wouma. Anachotsa udzuwo, munatuluka miyendo yachitsulo yomangidwa ndi waya. Nyimbo inayamba kuduka, mmodzimmodzi akusiya. Atachotsa thabwa lina, chinaoneka chitsulo chonyezimira, ndipo pakati pake, chikundiyang'ana ngati diso, panali kachitseko kozungulira.

A kachitseko, achimwene. Osati a chivundikiro.

Amalume awo a Edwin, a Moses, amene maso ndi makutu zinayamba kuwathawa, anaweramira m'bokosimo, n'kugogoda mgolowo ndi ndodo, n'kufunsa mokweza monga amachitira agonthi kuti: "Nanga mwanayu alowamo bwanji? Timupinda?"

Pamenepo m'pamene chinanditulukira. Sindinachiitane. Ndinamva mawu a bambo a Hilda m'khutu mwanga akuti "Mwapambana, aphunzitsi," ndi nkhope yawo yofatsa ija, kumeneko n'kuti akudziwa zimene akalembe. Munthuyo anagona pomwepo atafundidwa nsalu, atandinamiza bwinobwino, ndipo yankho limene anandilonjeza kuti "mawa" linafika pamapewa a anthu, ndi nyimbo ya mpingo. Ndinaseka. Ndinaluma nsalu, kuseka kunatulukira m'mphuno. Ndinayesa kukusandutsa kulira, koma aliyense anamva kusiyana kwake. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, pambali pa mtembo wa mwamuna wanga, pamaso pa mpingo wonse ndi pa mwana wanga.

A Eliza anaimirira. Sanakuwe. Anangoti: "Mwamuona wa ku Zomba. Misozi analibe, koma mano ali nawo." Anagwira Hilda padzanja n'kutuluka naye.

Bokosi lenileni linafika masana pa boti, a Patson atalephera kupeza lole. Tinaika bwino. Za kumanda ndikukumbuka mapazi a anthu okha, chifukwa sindinadzutse mutu.

Masabata otsatirawo anali olemera kuposa matenda aja. Hilda ankagona kwa a Eliza. Amayi ankabwera ndi chakudya n'kuchisiya pakhomo osalowa. Mawu ankandipeza ngakhale ndili m'nyumba, akuti akazi a kummwera amadziwa mankhwala, akuti ndinakondwa kuti katundu wafika mwini wake atachoka. A Bester anabwera kudzandiona, ndipo anandifunsa mwaulemu kuti: "Ama, tiuzeni chimene chinachitika, kuti tidziwe chonena kwa anthu." Ine, loya uja, ndinangoti: "Ada, sindikudziwa." Ndikananena chiyani? Kuti ndinaseka chifukwa mwamuna wanga anandinamiza? Mawu amenewo akanandiipitsa koposa. Ndiponso, kuti ndisakubisireni, kuseka kutatha mumtima munatsala kaukali. Ndinkati: munthu uyu anaona msana wanga, anavomera pamaso panga, n'kukasankhabe zake, kungoti makinawo afanane ndi a ku hotela kwawo.

Makinawo anawakankhira kukhonde la kuseri, kumene ndinkasungako mtolo wa zovala za odwala. A Patson, amene sangaone chitsulo osachigwira, anawamangira miyendo yake tsiku lina n'kuchoka mwakachetechete. Ine sindinapiteko n'komwe.

Kuno kuli mwambo woti zovala za malemu azichape alongo ake kunyanja, zisanagawidwe kwa abale. Mkazi wake sazigwira. Sabata yatha a Eliza anabwera ndi amayi ena a kwa Longwe kudzazitenga. Sanandipatse moni. Ndinalankhula ndili pamphasa kuti: "Alamu, pepani, zovalazo muyambe mwaziwiritsa ndi soda. Anatero kuchipatala. Makamaka mipango ndi nsalu zogonera." Amayi enawo atamva anabwerera m'mbuyo, wina n'kukumbuka kuti wasiya mwana yekha, wina kuti chinangwa chake chili padzuwa. A Eliza anawayang'ana, anatsonya, n'kuzungulira okha kuseri.

Panapita nthawi ndisakumva kanthu. Kenaka ndinamva kachitseko kakutseguka, n'kutsekeka. Kenaka mgolo ukugubuduzika.

"Wa ku Zomba," anaitana. "Bwera kuno."

Ndinapita. A Eliza ali ndi bondo lovuta, ndipo pofuna pokhala kuti asankhule zovala, anakoka kampando ka bakha kaja, kamene kanali pakona, n'kukhala patsogolo pa makinawo poti m'pamene panali mthunzi. Ndinawapeza atatsamira kumbuyo, kachitseko kali ndendende pachifuwa chawo, chogwirira chili pomwe dzanja lawo lamanja linagwera lokha.

"Mpando uwu anasema ndani?"

"Mlongo wanu."

"Liti?"

"Atasiya kuimirira."

Anatambasula dzanja, osadzuka, n'kutsegula kachitseko. Anatola malaya pamtolo, osadzuka, n'kuwaponyamo. Anatseka, n'kupukusa chogwirira, msana uli chitsamire. Anachita zimenezi pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana.

"Ena aja unkawafuna iwe," anatero, "munthu amapukusa ataimirira?"

"Inde."

"Ndiye ukuona? Awa sanagulire iwe. Anagula kuti nsalu zake azichapa yekha."

Achimwene, ndawerenga mabuku ambiri, ndipo ndinkadziyesa munthu womva zimene mnzanga sananene. Miyezi yonse ija ndinkawerenga za labala, pamene munthu ali pakhonde panga akuyeza chingwe kuchokera pansi kufika pachifuwa chake. Sakanatha kunena chifukwa chake chenicheni. Akanati "ndikufuna kuchapa ndekha," ndikanakana, ndipo akanakhala atavomera pamaso panga kuti sadzaimiriranso. Ndiye ankangonena za sopo ndi za hotela, ine n'kumamugonjetsa mfundo ndi mfundo, mpaka ndinamuuza kuti wogwada ndidzakhala ine. Munthu amene ankakonza zoti ndisadzagwadenso.

Misozi imene inakana pamaliro inabwera pakhonde la kuseri, popanda mpingo woti uione. Ndinagwa pansi n'kulira ngati mwana, mutu uli pa mtolo wa zovala zimene sindiyenera kugwira. A Eliza sanandiletse. Patapita nthawi anagwira dzanja langa n'kulitembenuza, n'kuyang'ana mizere ija, imene mpaka lero sinapole bwino.

"Anandifunsa tsiku lina," anatero, "kuti, Eliza, manja a mlamu wako unawaona? Ine ndinati manja a aphunzitsi ndi ofewa, azolowera." Anasiya dzanjalo pang'onopang'ono. "Nyumba yanga ili apo. Sindinabwere kudzachapako ngakhale mpango umodzi."

Kenaka anandifunsa funso limene a Bester anafunsa, koma mwa njira yawo: "Nanga manowo unkaonetsa ndani?"

Ndinawauza zonse, za khoti la m'mawa, za "Mwapambana, aphunzitsi," za yankho la mawa.

"Ndiye unaseka chifukwa anakunamiza?"

"Inde, alamu."

"Anakuvomera ndi nkhope yofatsa, mutu atapendeketsa chonchi?" Anapendeketsa mutu, ndipo ndinaona a Edwin enieni.

"Choncho kumene."

"Ameneyo!" anatero. "Ali mnyamata ada, bambo athu, anamutuma kusitolo kukagula khasu. Anati yewu ada, ndamva, mutu chonchi. Anabwera ndi chitoliro. Akuti khasu tingabwereke, koma chitoliro m'mudzi muno mulibe." Mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Ndiye a Moses aja, ndi ndodo yawo, akuti timupinda..."

Sanamalize. Chinawatulukira monga chinanditulukira ine. Anatseka pakamwa ndi malaya a malemu, misozi ikutsika, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati pali wina kuseri kwa mpanda. Chitawasiya anapukuta m'maso n'kunena mwaukali kuti: "Tsopano tonse tili ndi mlandu. Koleza moto, madzi awire."

Zovala za bambo a Hilda tinazichapa m'makina awo. Ine ndinkatereka madzi ndi kuthira pa kabowo kaja, a Eliza ankaponya zovala ndi kupukusa, chifukwa mwambo sunasinthe, wochapa ndi mlongo. Titamaliza anazisenza kupita nazo kunyanja kukazitsukuluza, kuti anthu aone kuti zafikako. Za sopo a Edwin ananena zoona, makinawa sadya sopo. Za zovala ananenanso zoona, palibe batani limene linathothoka. Koma labala ija yayamba kale kudontha pansi pa kachitseko, monga ndinanenera, ndipo ndilibe womuuza.

Musaganize kuti zonse zatha. Kuseka kuja kunamveka ndi mudzi wonse, pamene kulira kwanga kunamveka ndi munthu mmodzi. Ndikatuluka kupita kuchitsime nkhani zimaduka. Alipo amalume ena a kwa Longwe amene akunenabe kuti nyumba ino ipatsidwe kwa a Patson, ndipo mwana akule ndi bambo ake aang'onowo. Tsiku lometa ndidzayenera kukhala pakati pa bwalo, anthu onse aja akundiyang'ana, ndipo sindikudziwa ngati pakamwa padzatseguka. Chimene chikundiwawa koposa n'choti Hilda anandifunsa dzana kuti: "Amayi, munkaseka adadi?" Ndinamuuza kuti ayi, ndinkaseka nawo. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti: "Koma iwo sanaseke." Mwina akadzakula ndidzamukhazika pa kampando kaja kuti aone yekha.

A Eliza sanandilonjeze kalikonse, si munthu wolonjeza. Koma tsiku lomwe tinachapalo, madzulo, anabwera ndi Hilda ndi kamphasa kake, n'kunena kuti mwanayu amaponda anthu akagona, iwo atopa naye. Chiyambire pamenepo Hilda akugona kuno. Ndipo m'mawa uliwonse a Eliza amabwera ndi kamtolo, nthawi zina mpango umodzi wokha woyera kale, n'kukhala pa kampandoko n'kumapukusa, akudandaula kuti mgolowu ndi waulesi ndipo mwala wa kunyanja umachapa bwino.

Ndiye ndikupempheni, achimwene, mubwere ndithu. Mukwere sitima yoti ikufikitseni lisanafike tsiku lometa, kuti pabwalopo padzakhale munthu mmodzi amene anandidziwa ndisanaseke. Mukadzera ku Blantyre, mufunseko m'masitolo a zitsulo ngati ali ndi labala yozungulira ya kachitseko. Ndaika m'envulopu muno chingwe choyeza kukula kwake. N'chingwe chomwe chija ankayezera bambo a Hilda, ndiye musachitaye, mudzabwere nacho. Amayi musawauze zonsezi pakamodzi. Muwauze kuti ndikudya, ndipo chifuwa sichinandigwire, ngakhale Hilda. Anatipima tonse awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, ndi kwa amayi a mpingo amene ananditumizira nsalu yakuda ija. Hilda akuti moni kwa amalume, ndipo akufunsa ngati mtengo wa mapeyala uja ukadalipo. A Patson akuti moni, ndipo akupepesa kuti anachedwa ndi bokosi. Akuti akanafika msanga, zonsezi sizikanachitika, koma ine sindikudziwanso ngati ndikanafuna kuti zisachitike.

Pali moni wina umene sindinauperekepo m'makalata anga onse chikwatiwire. Ndikulemba izi a Eliza ali pakhonde la kuseri, ndipo andifunsa kuti ndikulembera ndani nthawi yonseyi. Nditawauza kuti ndi inu, ndiponso kuti mukubwera ndi sutikesi, mgolo unasiya kugubuduzika. Akuti ndikupatseni moni. Akuti mubwere, chakudya chilipo, ndipo pogona apeza. Kenaka anena mawu awa, ndipo ndikuwalemba monga awanenera, pamodzi ndi dzina limene anditchula, limene m'Chitonga ndilo amayi a Hilda:

"Anyina Hilda, muwauze achimwene anuwo kuti sutikesiyo aisiye ku Zomba."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Rebecca.